Kompyuta Yaing'ono Yopanda Phokoso: Kusankha Chosungira Zinthu ndi Power Supply

 Nkhani ya lero ndi phokoso la kompyuta, makamaka makompyuta ang'onoang'ono amene amakhala pa desiki penipeni, pafupi ndi khutu la mwini wake. Zipangizo ziwiri ndi zimene zifotokozedwe. Choyamba ndi chosungira zinthu, momwe mumakhala zithunzi, nyimbo ndi makalata. Chachiwiri ndi chija chimalandira magetsi a pakhoma n'kuwagawira mkati mwa kompyuta, chimene okonza makompyuta amangochitcha power supply.

Makompyuta akuluakulu akale ankaikidwa pansi pa tebulo, ndipo phokoso lawo linkathera komweko. Mu 2001 kampani ya VIA Technologies ya ku Taiwan inatulutsa motherboard yaing'ono yotchedwa Mini-ITX, ya masentimita 17 m'litali ndi 17 m'lifupi, ndipo kuchokera pamenepo mabokosi a makompyuta anayamba kuchepa. Lero alipo ena aang'ono kuposa pamenepo, monga Dell OptiPlex Micro, HP EliteDesk Mini ndi Lenovo ThinkCentre Tiny, amene ambiri amagulitsidwa atagwirapo kale ntchito m'maofesi akunja. Kompyuta yotere imakhala pamwamba pa desiki kapena kuseri kwa sikirini. Munthu amene akujambula mawu mu situdiyo, wophunzira amene akuwerenga usiku ena atagona m'chipinda chomwecho, ndi banja limene limaonera mafilimu pabalaza, onsewa amamva kaphokoso kalikonse kamene bokosilo likutulutsa. Maikolofoni ndiye siisankha: imatola mawu a munthu pamodzi ndi kulira kwa fani.

Mfundo yaikulu ndi imodzi, ndipo ibwerezedwa kangapo. Phokoso lambiri la kompyuta limachokera ku zinthu zozungulira, ndipo zambiri mwa zinthu zozungulirazo zimazungulira chifukwa cha kutentha. Chipangizo chopanda chozungulira kawirikawiri sichilira. Chipangizo chimene sichitentha kwambiri sichifuna fani yothamanga. M'bokosi laling'ono vutoli limakula, chifukwa mpweya wotentha umasowa kothawira ndipo mafani amene angakwanemo ndi aang'ono.

Poyamba, chosungira zinthu.

Chosungira chakale, chimene chikadalipo mpaka pano, ndi hard disk. Yoyamba inapangidwa ndi kampani ya IBM mu 1956, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito sikanasinthe kwenikweni ngakhale yachepa thupi. Mkati mwake muli timbale tosalala tozungulira mothamanga, ndipo pamwamba pa timbaleto pamayenda kamkono kowerenga ndi kulemba. Ma hard disk ambiri amazungulira maulendo 5400 pa mphindi imodzi, ena 7200. Phokoso lake lili mitundu itatu, ndipo munthu wotchera khutu akhoza kuisiyanitsa. Pali kalikhweru kosalekeza ka timbale tikamadula mpweya. Pali kugogoda kwa kamkono kaja, kuti tcheketcheke, pamene kakufunafuna fayilo. Ndiye pali kunjenjemera, kumene nthawi zambiri ndi kumene kumatopetsa kwambiri.

Kunjenjemeraku n'koyenera kukufotokoza bwino, chifukwa ambiri sakudziwa gwero lake. Hard disk ikagwiridwa m'manja ikugwira ntchito, imamveka pang'ono chabe. Koma ikamangidwa ndi timabawuti pa chitsulo cha bokosi la kompyuta, kunjenjemera kwake kumalowa m'chitsulocho, bokosi lonse n'kusanduka ng'oma. Bokosilo likakhala pa desiki ya matabwa yokhala ndi madilowa opanda kanthu, desikiyo nayo imayankhira. Umboni wake ndi wosavuta kuupeza: munthu akaika dzanja pamwamba pa bokosi n'kudinikiza pang'ono, kung'ung'udzako kumachepa, akachotsa dzanja kumabwerera. Zikatero ndiye kuti cholira si hard disk yokha ayi, koma chitsulo chimene yamangidwapo.

Njira yothetsera zonsezi nthawi imodzi ndi SSD. Mu SSD mulibe mbale, mulibe kamkono, mulibe mota. Zinthu zimasungidwa mu tizipangizo ta flash, tofanana ndi tamu memory card ya foni. Luso la flash linayambika ku kampani ya Toshiba ku Japan m'zaka za m'ma 1980, ndipo katswiri wotchuka pa ntchitoyo ndi Fujio Masuoka. Poti mulibe chozungulira, SSD imagwira ntchito ili zii. Imadyanso magetsi ochepa, ndipo kompyuta yakale imene inkatenga mphindi zingapo kuti iyake imayaka m'masekondi ochepa ikaikidwa SSD. Pa kompyuta yaing'ono, kuchotsa hard disk n'kuikamo SSD ndi kusintha kumene khutu limakuzindikira msanga kuposa kwina kulikonse.

Ma SSD ali m'maonekedwe awiri odziwika. Ina ndi kabokosi kaphanthiphanthi ka mainchesi awiri ndi theka, kofanana kukula ndi hard disk ya laputopu, ndipo imalumikizidwa ndi waya wa SATA. Ina imatchedwa M.2. Iyi ndi kachidutswa kopyapyala, kawirikawiri ka masentimita 8 m'litali, kamene kamalowetsedwa pa motherboard penipeni n'kumangidwa ndi kabawuti kamodzi. M.2 siifuna waya uliwonse, ndipo m'bokosi lothina zimenezi n'zofunika, chifukwa waya aliyense amatchinga njira ya mpweya. Chenjezo lake ndi lakuti ma M.2 ali pawiri, ena a SATA ena a NVMe, ndipo pamaso amaoneka ofanana. Si motherboard iliyonse imene imalandira mitundu yonse iwiri. Wogula ayenera kuona kaye buku la kompyuta yake, kapena kufufuza dzina ndi nambala yake pa intaneti, asanatulutse ndalama.

Ma NVMe amathamanga kwambiri, kuposa a SATA kangapo, ndipo apa m'pamene kutentha kumabwereranso. Atsopano kwambiri, othamanga koposa onse, amatentha mpaka ena amagulitsidwa ali ndi kafani kawokawo, kamene kamalira mokwiyitsa. Ngakhale opanda kafani amawonjezera kutentha m'bokosi, fani ya purosesa n'kumathamanga kuti ikuchotse. Munthu wolemba makalata, wosunga maakaunti kapena wojambula mawu sangazindikire n'komwe kusiyana kwa liwiro pakati pa SSD yapakatikati ndi yothamanga koposa. Kwa iye yapakatikati ndi yabwino: njotchipa, siitentha kwambiri, ndipo kachitsulo kamizeremizere kochotsa kutentha kamaikwanira.

SSD ili ndi zovuta zake ziwiri. Choyamba ndi mtengo. Pa ndalama zofanana, hard disk imapereka malo ambiri kuposa SSD, choncho amene amasunga mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe a zaka zambiri amafunabe hard disk. Chachiwiri ndi kafedwe kake. Hard disk ikamatha nthawi zina imachenjeza, imayamba kugogoda modabwitsa kapena kuchedwa kutsegula mafayilo. SSD ikhoza kungosiya kugwira ntchito popanda chizindikiro chomveka. Zinthu zofunika ziyenera kukhala ndi kope lina kwinakwake. Palinso ma SSD achinyengo pa msika, olembedwa kuti ali ndi malo ambiri pamene mkati muli ochepa. Mtengo ukatsika mosamveka, chinthucho n'chokayikitsa.

Nanga amene sangachitire mwina koma kukhala ndi hard disk atani? Ya maulendo 5400 imalira mochepa kuposa ya 7200. Yaing'ono ya laputopu imalira mochepa kuposa yaikulu ya mainchesi atatu ndi theka, ndiponso siinjenjemera kwambiri. Imodzi yokhala ndi malo ambiri ndi yabwino kuposa ziwiri kapena zitatu zazing'ono, chifukwa ma hard disk awiri akamangidwa pa chitsulo chimodzi, kunjenjemera kwawo kumasemphana, phokoso n'kumakwera ndi kutsika, wuu, wuu, kamodzikamodzi, ndipo khutu silizolowera phokoso lotere. Pomanga, pakati pa hard disk ndi chitsulo pafunika timphira tofewa. Mabokosi ena amabwera ndi timphirato. Okonda makompyuta achete ena amafika poipachika hard disk pa malasitiki okoka bwino kuti isakhudze chitsulo paliponse, koma njira imeneyi ndi ya kompyuta yosasunthidwa, chifukwa ikanyamulidwa hard disk imagunda m'mbali. Njira ina yosavuta ndi yoika SSD mkati kuti izigwira ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo hard disk yaikulu ikhale yakunja, yolumikiza pa USB pokhapokha ikafunika. Windows ilinso ndi posankha kuti hard disk iziima ikakhala mphindi zingapo osagwiritsidwa ntchito.

Wogula hard disk kapena SSD yogwirapo kale ntchito ali ndi mwayi woona mbiri yake. Chosungira chilichonse chimalemba chokha maola amene chagwira ntchito ndi zolakwika zimene zachitika mkati mwake, ndipo pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaonetsa zimenezi. Wogulitsa wokana kuti chiyesedwe wapereka kale yankho.

Mfundo ija ikumbukiridwe: chopanda chozungulira kawirikawiri sichilira, ndipo chosatentha sichifuna fani yothamanga. Pa chosungira zinthu, mbali yoyamba ya mfundoyi ndi imene inali yaikulu. Pa power supply, imene ikufotokozedwa tsopano, yaikulu ndi mbali yachiwiri.

Magetsi a pakhoma ku Malawi, ku Zambia ndi m'maiko oyandikana nawo ndi a mavolti pafupifupi 230. Zipangizo zamkati mwa kompyuta zimafuna magetsi ochepa kwambiri, mavolti 12, 5 ndi ena ocheperapo. Ntchito ya power supply ndi kutsitsa magetsiwo ndi kuwawongola. Pa ntchito imeneyi magetsi ena amatayika, ndipo otayikawo amasanduka kutentha. Fani imene ili mu power supply ilipo chifukwa cha kutentha kumeneku basi.

Chitsanzo chimodzi chithandiza, ndipo manambala ake ndi ochepa. Kompyuta ikufuna mawati 100. Power supply wamba, imene imapititsa magawo 80 pa 100 aliwonse, ikoka mawati 125 pakhoma, ndipo 25 asanduka kutentha. Power supply yabwino, yopititsa magawo 90, ikoka mawati pafupifupi 111, otayika n'kukhala 11 okha. Kusiyana kwa 80 ndi 90 kumamveka kochepa, koma kutentha kwatsika kupitirira theka. Fani imene imayenera kuchotsa mawati 25 tsopano ikuchotsa 11, ndipo ikhoza kuzungulira pang'onopang'ono. Amene amagula mayunitsi a ESCOM kapena amadalira batire ya sola amapindulanso pamenepo.

Chizindikiro chothandiza wogula ndi 80 Plus, chimene chinayamba mu 2004. Power supply yokhala ndi chizindikirochi inayesedwa n'kupezeka kuti imapititsa magawo 80 kapena kuposa. Chili ndi makwerero: Bronze, Silver, Gold, Platinum ndi Titanium. Pa kompyuta yaing'ono, Gold ndi poyambira pabwino. Komabe 80 Plus imayeza kasamalidwe ka magetsi, siyeza phokoso. Power supply ya Gold yokhala ndi fani yotchipa ikhoza kulirabe. Bungwe lina loyesa, la Cybenetics, limayeza ndi phokoso lomwe, ndipo chizindikiro chake cha phokoso chimatchedwa Lambda.

Chotsatira ndi kukula kwa fani. Fani yaikulu imakankha mpweya wambiri ikuzungulira pang'onopang'ono. Yaing'ono, kuti ikankhe mpweya womwewo, iyenera kuthamanga kwambiri, ndipo kulira kwake kumakhala kwa mawu okwera, olasa khutu. Power supply ya kompyuta yaikulu, yotchedwa ATX, imakhala ndi fani ya masentimita 12 kapena 14. Ya mabokosi aang'ono, yotchedwa SFX, ili ndi fani ya masentimita 8 kapena 9. Pali ina yotalikirapo pang'ono, SFX-L, imene inapangidwa kuti fani ya masentimita 12 ikwanemo. Ndiye pali Flex ATX, yopyapyala kwambiri, yokhala ndi kafani ka masentimita 4 okha, ndipo iyi ndi imene imadandaulitsa anthu ambiri. Choncho nkhani ya phokoso imayambira pa kusankha bokosi. Bokosi limene limangolandira Flex ATX lamusankhira kale mwini wake kafani kakang'ono. Lokulirapo pang'ono, lolandira SFX kapena SFX-L, limatenga malo owonjezera pa desiki koma limapereka mtendere.

Ma power supply ambiri abwino a masiku ano, monga ena a Corsair, Seasonic ndi SilverStone, ali ndi fani imene imaima kotheratu ntchito ikachepa. Munthu akamalemba kalata, fani ili duu. Akayamba ntchito yolemera monga kukonza vidiyo, fani imadzuka. Ena akaona fani yaima amaganiza kuti chipangizo chafa, pamene chinapangidwa choncho. Alipo enanso opanda fani n'komwe, odalira mabowo ndi zitsulo zochotsa kutentha. Awa amafuna bokosi lopita mphepo bwino, ndipo apa nyengo ya kuno iyenera kuganiziridwa. Power supply imene ili chete m'chipinda chozizira ku Mzuzu mwezi wa June ikhoza kuzunguliritsa fani yake tsiku lonse ku Nsanje kapena ku Chikwawa mwezi wa October. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, power supply yokhala ndi fani yodzuka ikafunika ndi yodalirika kuposa yopanda fani.

Pa kuchuluka kwa mawati, anthu amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Kompyuta ya mu ofesi yopanda graphics card yapadera kawirikawiri siifika n'komwe pa mawati 100. Ya masewera kapena yokonzera mavidiyo imadya kangapo kuposa pamenepo. Power supply imagwira bwino kwambiri ikamanyamula pafupifupi theka la mphamvu zake. Yochepa mphamvu imagwira ntchito mopanikizika, imatentha, fani n'kumakuwa. Yaikulu mopitirira muyeso ndi kutaya ndalama, ndipo ntchito ikachepetsetsa imawononganso magetsi ambiri. Kuwerengera zimene kompyuta imadya pa ntchito yolemera n'kuwonjezerapo theka kapena kuwirikiza kawiri kumakwanira.

Makompyuta aang'ono kwambiri aja, a Micro, Mini ndi Tiny, anaithetsa nkhaniyi mwa njira ina: power supply anaitulutsa kunja. Amagwiritsa ntchito adaputala yofanana ndi chaja ya laputopu, yopanda fani, ndipo kutentha kwake kumathera panja pa bokosi. Amene akumanga kompyuta yawo ya Mini-ITX akhoza kuchita chimodzimodzi ndi kachipangizo kotchedwa picoPSU, kamene kamalowetsedwa pa motherboard n'kumalandira magetsi kuchokera ku adaputala yakunja. Njira imeneyi ndi ya makompyuta odya magetsi ochepa okha. Adaputala ikatayika, yolowa m'malo iyenera kukhala ya mavolti ofanana ndi yakale ndiponso mawati okwanira. Kukwana kwa kamutu pa bowo si umboni woti ndi yoyenera. Makompyuta ena amaizindikira adaputala yawo, ndipo akapatsidwa yachilendo amachepetsa liwiro kapena kukana kuyaka.

Pali phokoso lina limene silichokera ku fani. Ndi kalikhweru kosongoka kochokera mu timakoyilo ta waya mkati mwa power supply kapena adaputala, tikamanjenjemera ndi magetsi. Achinyamata amakamva msanga kuposa akuluakulu. Kawirikawiri si chizindikiro cha ngozi, koma mankhwala ake ndi kusintha chipangizocho. Ngati kung'ung'udza kumayamba pokhapokha magetsi akazima kompyuta n'kuyamba kudya za inverter kapena UPS, cholakwa chingakhale inverter. Zotchipa zambiri zimatulutsa magetsi odukaduka, otchedwa modified sine wave, amene amaliritsa ma power supply ndipo ena amawazimitsa. Yolembedwa kuti pure sine wave imatulutsa magetsi osalala ofanana ndi a pakhoma.

Machenjezo atatu ndi ofunika kuwamvetsera bwino. Ma power supply ena akale ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo, kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali ina. Kompyuta yochokera ku America imabwera kaswitchiko kali pa 115, ndipo ikalumikizidwa pakhoma kuno osakasuntha, power supply imapsa nthawi yomweyo. Lachiwiri: ma power supply ena ali ndi mawaya ochotseka, zimene zimathandiza m'bokosi lothina chifukwa osafunika amasiyidwa. Koma mawaya a power supply imodzi asagwiritsidwe ntchito pa ya mtundu wina ngakhale akukwana, chifukwa kalumikizidwe kamkati kamasiyana, ndipo waya wolakwika amawotcha SSD ndi hard disk pamodzi ndi zonse zosungidwamo. Lachitatu: power supply siyotsegula. Mkati mwake muli ma capacitor amene amasunga magetsi oopsa ngakhale pulagi itazulidwa. Fani yake ikayamba kukhulula, ntchitoyo ndi ya mmisiri wodziwa, kapena kugula ina.

Fumbi nalo lili ndi gawo lake. M'chilimwe limadzaza m'mabowo a mpweya, kutentha kumakwera, ndipo kompyuta imene inali chete itangogulidwa imayamba kukuwa. Kuipukuta ndi kaburashi kofewa itazimitsidwa ndi kuzulidwa pakhoma, ndiponso kuisiyira mpata kukhoma, kumatsitsa phokoso popanda kugula kanthu. Kuiphimba ndi kansalu kokongoletsa ikugwira ntchito kumaitsamwitsa.

Anthu amene ali ndi kompyuta yolira adzifunse funso ili asanapite ku sitolo: cholira n'chiti kwenikweni? Ambiri amasintha power supply pamene cholira ndi fani ya purosesa. Kuti chidziwike, pepala limapindidwa kukhala kapaipi, mbali ina pa khutu, mbali ina n'kumailozetsa pa bowo lililonse la bokosi, osalowetsa mkati. Phokoso limakula pamene kapaipiko kaloza gwero lake. Likamakwera ntchito ikachuluka n'kutsika ikachepa, ndi fani. Likakhala kugogoda pamene fayilo ikutsegulidwa, ndi hard disk. Likachepa dzanja likadinikiza bokosi, ndi kunjenjemera.

M'sitolo namo khutu limanamizika, chifukwa mumakhala phokoso la msewu ndi la nyimbo, ndipo kompyuta yongoyatsidwa kumene imakhala yozizira. Yoyesedwa bwino ndi imene yasiyidwa ikuseweretsa vidiyo kwa mphindi 15 kapena kuposa, kenako n'kuimvetsera chapafupi. Wogula agwirizanenso ndi wogulitsa za kubweza katunduyo ngati kalikhweru ka makoyilo kadzamveke kunyumba, chifukwa kameneko m'sitolo sikamveka.